Mapiko Omata ndi Dothi

Kalekale, tizilombo tikadali kuyankhula ngati ine ndi inu, Chiswe anali pa ntchito yosenza dothi. Tcherani khutu, chifukwa sindibwereza.

Kutsika pansi, kukumba, kusenza, kukwera, kumata. Kutsikanso, kukumba, kusenza, kukwera, kumata. Chulu chake chinali pakati pa dambo, ndipo chaka chimenecho mvula inabwera yolusa. Akamata uku, madzi aboola uko. Akatseka uko, khoma lanyowa kuno. Msana unkamuwawa, m'manja munali matuza okhaokha, koma pansi sankakhala. Ankangoimba:

Senza, senza, dothi silidikira,
Mata, mata, madzi akubwera.

M'chulumo munali ana ake, ambirimbiri. Woyamba kubadwa anali mtsikana, dzina lake Ngumbi. Chiswe maso ake anali ofooka chifukwa chokhalitsa mumdima, ndiye ana akewo ankawadziwa powagwira. Uyu wa mutu waukulu, uyu wa mwendo wopindika, uyu wosamva kuitana. Akangomukhudza mwana, ankamutchula dzina osaphonya.

Tsiku lina Chule, mnansi wake, anatulutsa mutu m'madzi.

"Amake Ngumbi, mukuvutikiranji? Ine ndachokera kumtunda. Madzi akubwerawo si amasewera. Chulu chanuchi ndidzasambira pamwamba pake."

"Pakamwa panu mpotakata, a Chule, koma nkhani zake zoipa zokhazokha."

"Ine ndangonena. Samutsani ana. Kutsidya kuli mtunda wouma."

"Ndiwasamutse bwanji? Ana anga madzi sawadziwa."

"Ndiye aulutsenitu," anatero Chule akuseka, nkumira.

Chule ankanena zanthabwala, koma Chiswe sanaseke. Anatula dothi pansi, naganiza za Tombolombo.

Tombolombo ankakhala pa bango lina pafupi ndi chulucho. Padambo lonse panalibe wouluka ngati iye. Mbalame imapita kutsogolo basi. Tombolombo ankaima m'malere ngati wapachikidwa pa chingwe, ankabwerera chambuyo, ankapita cham'mbali, nkutembenuka pomwepo ngati munthu amene wakumbukira chomwe waiwala kunyumba.

Chiswe anayenda pa udzu wogwa mpaka anafika patsinde pa bango.

"Odi, a Tombolombo."

"Kwerani, amake Ngumbi. Kwagwanji kuti inu musiye ntchito?"

"Madzi akubwera, achemwali, ndipo ana anga alibe pothawira. Ine ndine mmisiri. Chimene ndachigwira ndi manja, ndimachipanga. Ndigwireko mapiko anu."

Tombolombo anati: "Mapiko anga sindigwiritsa aliyense. Koma poti ndi za ana, pukutani manja. Pali zinthu zitatu zoti mudziwe. Khalani pansi, tiyambe ndi choyamba."

"Ndingoimirira. Ndasiya khoma likudontha."

Chiswe anagwira phiko limodzi. Linali lopyapyala moti anaopa kuti mpweya wake uling'amba. M'kati mwake munali timitsempha toluka ngati ukonde. Ndipo silinali losalala ayi. Linali lokwera nkutsika, kukwera nkutsika, ngati malata a padenga.

"Mizere imeneyo ndiyo imalimbitsa," anatero Tombolombo. "Phiko losalala limapindika mphepo ikawomba."

Chiswe anayendetsa chala mpaka kunsonga. Kumeneko anapeza kanthu kotupa.

"Apa pamatirira kachinyalala."

Tombolombo asanatsegule pakamwa, Chiswe anali atapala kale ndi mano. Khwe!

"Mayo ine! Mwachita chiyani?"

"Ndasalaza. Ine chotupa pakhoma sindichisiya."

"Limeneli si khoma! Ndi kadontho kakuda kamene kamalemeretsa nsonga ya phiko. Ndikathamanga kwambiri, ndiko kamaligwira kuti lisanjenjemere."

Chiswe anachita manyazi. "Pepani, achemwali. Kameranso?"

"Sikamera." Tombolombo analiyang'ana phikolo nthawi yaitali. "Basi, zachitika. Ndiziuluka mofatsa. Khalani pansi, timve chachiwiri."

Koma nthawi yomweyo kunamveka kugumuka kwa dothi ku chulu. Chiswe anali atatsika kale bango.

"Ndamva, ndamva! Zotsalazo ndikaganiza ndekha!"

Anakang'amba mabango, natulutsa kakhungu kopyapyala ka m'kati mwake. Anatola timizu ta udzu, natiyala ngati timitsempha tija. Anapinda mizere yokwera nkutsika. Dzanja lake linali labwino, zimenezo tisamunamizire. Anapanga mapiko awiri, chifukwa ankadziwa kuti chouluka chimakhala ndi mapiko awiri. Ntchitoyo inamudyera masiku, madzi akukwera.

Anamuveka Ngumbi, namukweza pansonga pa chulu.

"Dumpha."

"Amayi, ndikuopa."

"Iwe, ndilibe tsiku lonse. Dumpha!"

Ngumbi anadumpha. Anazungulira ngati tsamba louma, nkugwera m'matope chamutu, thapsa!

Chiswe anamuvuula, namupukuta, nauyambanso wa ku bango.

"Odi, a Tombolombo."

"Mwabweranso? Lero manowo muwasunge."

"Mwana wanga wagwa chamutu."

"Munamupangira mapiko angati?"

"Awiri, ngati mbalame."

"Ndine mbalame ine? Gwirani, muwerenge."

Chiswe anagwira. Limodzi, awiri, atatu, anayi.

"Muone kuti sali ofanana," anatero Tombolombo. "Akutsogolowa ndi owonda, akumbuyowa ndi otambalala patsinde. Ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Ndikafuna kuima m'malere, akutsogolo akamatsika akumbuyo akukwera, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Ndikafuna liwiro, onse anayi amamenya pamodzi. Ndikafuna kukhota, a mbali imodzi amalimbikira, enawo nkupumira. Ndikafuna kubwerera chambuyo..."

Chiswe sanalinso kumvetsera. M'mutu mwake munangotsala mawu amodzi: anayi. Mwana aliyense anayi. Ana onse aja.

"Khalani pansi, amake Ngumbi. Chachitatu ndicho mwini nkhani."

"Ndamva, ndamva! Ndibwera mawa!"

Sanabwere mawa lakelo.

Atafika kunyumba anaganiza ngati woumba njerwa. Zikombole ziwiri, china cha mapiko owonda, china cha otambalala? Nthawi yake iti? Anasema chikombole chimodzi. Kuika kakhungu, kuyala timizu, kusindikiza, kuchotsa. Kuika, kuyala, kusindikiza, kuchotsa. Mapiko anaunjikana mulu, onse msinkhu umodzi, onse maonekedwe amodzi. Ndipo powamangirira pamsana pa mwana anachita monga ankachitira pa chilichonse cha moyo wake: anakanda dothi ndi malovu, nkumata onse anayi pamalo amodzi.

Dothi litauma anamukwezanso Ngumbi pansonga.

Ulendo uno Ngumbi anauluka. Anauluka ndithu! Abale ake analulutira m'mabowo onse a chulu, ndipo Chiswe, amene sankaseka kawirikawiri, anaseka.

"Tsopano khota, ubwerere!"

"Mapikowa sakukhota, amayi!"

Anapita molunjika mpaka anakadziwombetsa pa phesi la udzu. Anabwerera wapansi, atanyowa ndi mame.

"Amayi, onse anayi akupita kumodzi. Ndikuona phesi lili apo, koma kulipewa ayi. Ndiponso gwirani apa. Atanyowa ayamba kugwedera."

"Ndiwonjezera dothi."

"Paja a Tombolombo anati zinthu zake nzitatu? Pitani mukamve chachitatucho."

"Iwe, ukundiona ndakhala? Abale ako onsewa ali misana yopanda kanthu. Wauluka kapena sunauluke?"

"Ndauluka."

"Ndiye bwera nacho kuno chikombolecho."

Senza, senza, dothi silidikira,
Mata, mata, madzi akubwera.

Anaumba, namata. Anaumba, namata. Madzi analowa m'zipinda za pansi, ana anasamukira m'mwamba. Madzi anatsatira, ana anakweranso. Chiswe sanagone, sanadye, mpaka mwana womaliza, uja wosamva kuitana, anavala mapiko ake anayi.

Tsiku limenelo ndi pamene Tombolombo anabwera yekha. Anatera pa chulu mopepuka, koma Chiswe anamva kuti kaulukidwe kake sikanali kakale.

"Odi kuno, amake Ngumbi. Ndaona kuti mawa lanu silikufika."

"Ntchito, achemwali. Ndimati ndibwera ndikamaliza."

"Ife a mtundu wathu timakhala nthawi yaitali pansi pa madzi tikadali ana. Masiku a mapiko ndi ochepa. Anga ambiri ndawathera pa bango lija, kukudikirani. Bweretsani dzanja."

Anatenga dzanja la Chiswe, naliika pamsana pake, pamene mapiko amayambira. Anagwedeza phiko limodzi lokha. Pansi pa chala cha Chiswe kamnofu kamodzi kanakoka. Anagwedeza lina. Kamnofu kena kanakoka.

"Chachitatu ndi chimenechi. Phiko lililonse lili ndi tsinde lakelake ndi chokokera chakechake. Nchifukwa chake limamvera palokha. Inu mukanapempha ulusi kwa Kangaude, nkumanga lililonse padera, kuti mwana azikoka limene akufuna. Ulusi suopa madzi. Dothi likanyowa limasiya."

Chiswe anachotsa dzanja. "Dothi langa lagwira nyumba ino inu musanatuluke m'madzi."

"Nanga bwanji mumamata tsiku ndi tsiku?"

Chiswe anatchera khutu. Anamva madzi akunyambita khoma pansi pa mapazi ake. Anamva ana akupekesa mapiko awo atsopano, akunyadirana.

"Timasule onse, tiyambirenso," anatero ndi mawu otsika.

"Mverani madziwo. Nthawi ilipo?"

"Palibe."

"Tsiku loyamba lija inalipo," anatero Tombolombo. Sananene mokalipa ayi, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Chiswe koposa.

Kenako Tombolombo anaitana Ngumbi. "Mwanawe, uwauze abale ako. Poti kukhota simungathe, lunjikani pa mkuyu uli kutsidyawo musananyamuke. Musakwere m'mwamba kwambiri. Mukangotera, gwedezani mapikowo agwe, mukumbe, mulowe pansi. Anamzeze adzakuonani, chifukwa mvula ikakata amasaka padambo pano. Amenewo ndithana nawo ine."

"Ndi phiko lija?" anafunsa Chiswe.

"Ndi phiko lomwelo. Ndili ndi lina?"

M'mawa mwake mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Inakata dzuwa litapendeka, ndipo chulu chinali chitangotsala kansonga. Chiswe, amene moyo wake wonse ankatseka mabowo, anayamba kuboola. Anaima pakhomo, namagwira mwana aliyense potuluka. Wa mutu waukulu. Wa mwendo wopindika. Wosamva kuitana. Aliyense ankamutchula dzina, nkumukankha.

Ngumbi anatsalira.

"Amayi, nanga anu mapiko ali kuti?"

"Anga ndipanga mukapita."

"Chikombole chinapita ndi madzi dzulo. Ndinaona."

"Iwe, ndilibe tsiku lonse. Uluka!"

Ngumbi anauluka. Chiswe anakwera pansonga. Maso ake sankaona patali, ankangomva phokoso la mapiko ngati mvula yowaza. Chule anayandama pafupi, ndipo ulendo uno sankaseka.

"A Chule, ndibwerekeni maso. Akuyenda bwanji?"

"Akuyenda, amake Ngumbi. Adzaza dambo lonse ngati utsi. Alunjika pa mkuyu."

Kenako kunamveka kulira kwa mbalame kuchokera m'mwamba.

"Anzanga, taonani ndiwo zikudzibweretsa zokha!"

"Zolunjika bwino ngati zatumidwa! Ingoyasamulani!"

Anali anamzeze. Anatsika gulu lonse. Mwana ankamuona namzeze akubwera patsogolo pake, koma kukhota ayi, kuima ayi, kubwerera ayi. Ankangolowa m'kamwa. Ena mbalame sizinawakhudze nkomwe: mpweya unali wachinyezi, dothi linafewa, mapiko anathothoka ali m'malere, iwo nkugwera m'madzi.

"A Chule, mwakhala chete bwanji?"

"Dikirani. A Tombolombo afika! Alowa pakati pa anamzeze. Amumenya wamkulu wawo pamphuno."

"Iwe kamtengo kouluka, ukudziwa amene wamuputa?" anakuwa Namzeze wamkulu.

"Ndikukudziwani, ankolo. Ndinu aja mumalimbana ndi ana osatha kukhota. Tabwerani kwa wokhota."

Anamzeze anasiya ana, nakhamukira Tombolombo.

"Nenani, a Chule!"

"Amulondola. Ali pafupi. Aa! Waima! Wangoima m'malere, iwo apitirira onse ngati miyala yoponyedwa."

"Nanga ana?"

"Akupita. Afika pakati."

Anamzeze anazungulira, nabweranso atakwiya.

"Amutchingira kutsogolo. Wabwerera chambuyo! Awiri awombana mitu, nthenga mbwee!"

"Nanga ana?"

"Ayandikira. Mkuyu uli pafupi."

Kachitatu anamzeze anachenjera. Anamuzungulira uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Panatsala njira imodzi yokha, yothawa molunjika ndi liwiro lonse. Tombolombo anasankha kulowera kutali ndi mkuyu. Anamenya mapiko onse anayi pamodzi.

"Akuthamanga, amake Ngumbi! Sindinaonepo liwiro lotere. Awasiya. Awasiya ndithu. Koma..."

"Koma chiyani?"

"Phiko limodzi likunjenjemera. Lakutsogolo. Wapendekeka."

Chiswe sanafunsenso. Ankalidziwa phikolo.

Patapita nthawi padambo panangoti zii. Anamzeze anali atakhuta, napita.

"A Chule, awoloka?"

"Awoloka."

"Angati?"

Chule, ndi pakamwa pake potakata paja, anayankha motsitsa. "Ngumbi ndamuona. Watera patsinde pa mkuyu, wagwedeza mapiko, walowa pansi. Ndi ena ochepa."

"Wa mwendo wopindika?"

"Sindikuwadziwa mayina, amake Ngumbi."

Mphepo inkachokera kutsidya. Inayamba kukankha zinthu pamwamba pa madzi, nkuziunjika m'mbali mwa chulu. Chiswe anatambasula dzanja. Anali mapiko. Mapiko okhaokha, opanda eni ake.

Anatola limodzi, naliyendetsa chala. La yani ili? Anatola lina. Nanga ili? Mayi amene ankadziwa mwana aliyense pongomukhudza sanathe kudziwa ngakhale limodzi. Onse anali msinkhu umodzi, maonekedwe amodzi, a chikombole chimodzi. Anatola, nasiya. Anatola, nasiya.

Kenako chala chake chinagwira phiko losiyana ndi onse. Linali lowonda, lolimba, la timitsempha tosakhala ta udzu. Anatsata mpaka kunsonga. Pamene panayenera kukhala kadontho kakuda panali posalala. Anapeza pomwe panadutsa mano ake.

Limeneli lokha analidziwa mwini wake.

"Kwerani pamsana panga, ndiyese kukuwolotsani," anatero Chule.

"Mukanatha mukananena kale. Inu mumamira mukangoyenda pang'ono. Pitani, a Chule. Mukamuuze Ngumbi kuti zinthu zake zinali zitatu."

Ndipo Chiswe anakhala pansi. Aka kanali koyamba. Anakhala pansi ndi phiko lija pamiyendo, naimba motsitsa:

Senza, senza, ndasenzera yani,
Mata, mata, madzi afika.

Madzi anakwera, naphimba kansonga kaja. Chule anasambira pamwamba pa chulu monga ananenera, koma sanauze aliyense kuti ananena zoona.

Ngumbi anamanga chulu chatsopano kutsidya, nabereka ana ake. Uthenga wa amake unamufika, koma wodziwa chachitatucho anali atapita, ndipo iye luso limene ankalidziwa linali la chikombole chimodzi chija. Nchifukwa chake mpaka lero, mvula ikakata, ngumbi zimatuluka ndi mapiko anayi ofanana. Zimauluka kamodzi kokha. Kuzemba mbalame sizitha, ndipo mapiko ake amathothoka mukangowakhudza. Mbalame zimadya, achule amadya, ifenso timatchera ndi beseni.

Ndimamva kuti masiku ano amisiri opanga tindege ting'onoting'ono, toima m'malere, amakhala pansi nkumaonerera tombolombo, phiko ndi phiko, osathamanga. Amenewo akuchita bwino.

Phunziro lake nali, ndipo likundikhudza ine ndemwe. Ukapita kukaphunzira ntchito kwa woidziwa, khala pansi mpaka amalize kunena. Kulimbikira nkwabwino, koma kulimbikira ndi theka la nzeru kumapha amene ukuwagwirira ntchitoyo, pamodzi ndi amene anakuphunzitsa. Chiswe anaumira kanthawi kochepa kokhala pansi, ndipo analipira ndi ana ake, mnzake, ndi moyo wake.

Nthano yanga yathera pamenepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, ngati sinapserere.